Chotupa chimodzi, mafuko ambiri: yankho kwa mayi wa ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ngabu, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera pano popanda kutchula dzina lawo kapena la wodwala wawo. Akuti bambo awo, amene tsopano ali ndi zaka 58, anawapeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu zaka ziwiri zapitazo. Anawachita opaleshoni n'kuchotsa chotupacho, analandira mankhwala a m'diripi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anapeza bwino mpaka kubwerera kumunda wawo wa thonje. Chaka chino sikani yaonetsa kuti matendawo ali m'chiwindi. Anayambanso mankhwala, anathandiza kwa miyezi ingapo, kenako aleka kugwira ntchito. Mafunso awo ndi awa: "Kodi madokotala anasiyako kachidutswa? Kodi mankhwala achiwiriwa ndi ofooka kapena achinyengo? Nanga bwanji mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene anadwala matenda omwewa, anachira ndi opaleshoni yokha, ndipo mpaka lero amapalasa njinga kukafika ku Nchalo? Achibale ena ayamba kunena kuti apa pali dzanja la munthu. Nanga ife ana, kodi nafenso tidzadwala?"

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa, ndipo mundiperekere moni kwa bambo. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa sayansi, choncho mawu omaliza pa chithandizo cha bambo ndi a dokotala amene akusunga faelo yawo. Koma mafunso anu onse ali ndi muzu umodzi, ndipo muzuwo ndingathe kuufukula. Tikamati "chotupa" timaganiza za chinthu chimodzi, ngati mwala umene walowa m'thupi, woti ukachotsedwa nkhani yatha. Zoona zake n'zakuti chotupa cha khansa ndi khamu la maselo amoyo ochokera kwa kholo limodzi, amene m'kupita kwa zaka agawikana m'mafuko osiyana khalidwe, ndipo mpeni wa dokotala ndi mankhwala sizikhudza mafuko onsewo mofanana.

Ndiyambe ndi thumbo la munthu wabwinobwino. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo khungu la m'kati mwake lili ndi timaenje ting'onoting'ono mamiliyoni ambiri. Pansi pa kadzenje kalikonse pamakhala maselo ochepa amene ntchito yawo ndi kubereka ena. Ana awo amakwera pang'onopang'ono mpaka pakamwa pa kadzenjeko, n'kufa, n'kutuluka ndi chimbudzi, moti khungu lonselo limakhala lasinthidwa sabata isanathe. Selo lililonse likamagawikana liyenera kukopera malangizo onse a thupi, amene analembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zokwana pafupifupi mabiliyoni atatu kuchokera kwa mayi ndi mabiliyoni atatu kuchokera kwa bambo. Zigawo za malangizowa zimatchedwa majini, ndipo munthu ali nawo pafupifupi 20,000. Popeza mwatchula za dzanja la munthu, ndinene momveka kuti majini amenewa sakhudzana ndi mizimu yoipa imene ena amaitchula ndi liwu lomweli. Ndi mizere ya malangizo chabe, yonena momwe selo likulire, nthawi yoti ligawikane ndi nthawi yoti life.

M'kalasi mwanga ndimaona chinthu china chaka ndi chaka. Mwana mmodzi akajomba, amabwereka kope la mnzake n'kukopera notsi, ndipo wachitatu amakopera kwa wachiwiriyo. Woyamba akalemba 36 pamene pabolodi panali 63, onse okopera kwa iye amanyamula cholakwikacho, ndipo aliyense amawonjezerapo chakechake. Ndikamachonga makope ndimatha kudziwa amene anakopera kwa mnzake, ndi amene anayamba, pongoona zolakwika zimene akufanana. Maselo a m'thumbo amachita chimodzimodzi. Selo lobereka la munthu wathanzi limawonjezera zolakwika pafupifupi 40 pachaka, kutanthauza kuti pa msinkhu wa bambo anu lililonse limakhala ndi zoposa 2,000. Zochuluka mwa izo sizivulaza. Asayansi amazifanizira ndi anthu okwera m'galimoto amene sagwira chiwongolero. Koma pali zochepa zimene zimagwera pa jini lolamulira kukula kwa selo, ndipo zimenezo ndiye madalaivala. Mu 2019 ofufuza a ku Wellcome Sanger Institute ku England anapima timaenje ta anthu opanda khansa, ndipo anapeza kuti mwa anthu a zaka zapakati, kadzenje kamodzi mwa 100 alionse kali kale ndi cholakwika cha mtundu woopsawu. Izi zikusonyeza kuti tonse timayenda nazo mbewu zimenezi, ndipo pafupifupi zonse sizimera.

Kuti zimere pamafunika zolakwika zingapo zounjikana m'mzera umodzi wa maselo. Maganizo akuti khansa imakula motere, mwa kusintha ndi kusankhidwa kwa maselo monga zimachitikira ndi zamoyo zakutchire, anawalemba momveka Peter Nowell wa ku Philadelphia mu 1976. Mu 1990 Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anaonetsa makwerero ake pa khansa ya m'matumbo yeniyeniyo. Kawirikawiri choyamba kuwonongeka ndi jini la APC, limene lili ngati buleki, ndipo limapezeka lowonongeka mu zotupa pafupifupi 80 mwa 100 zilizonse. Buleki ikaduka, pakhungu la thumbo pamamera kanyama konga kabowa, kamene madokotala amati polyp. Kameneka si khansa. Kenako m'kati mwa kanyamako selo lina likhoza kusintha jini la KRAS, limene likawonongeka limauza selo kuti lizigawikana osapuma, ndipo izi zimapezeka mu zotupa pafupifupi 40 mwa 100. Pambuyo pake pamawonongeka majini ena monga SMAD4 ndi TP53, limene ntchito yake ndi kulamula selo lowonongeka kuti life, ndipo apa mpamene chotupa chimayamba kuboola khoma la thumbo. Ulendo wonsewu umatenga zaka 10 kapena 15, mwinanso kuposerapo. Choncho matenda a bambo anu anayamba mwakachetechete iwo ali ndi zaka za m'ma 40, akulima ndi kudya bwinobwino, mikangano iliyonse imene achibale akuikumbukira lero isanachitike n'komwe.

Makwerero amenewa ndi oona, koma munthu akangowaona okha angaganize kuti chotupa chonse chimakwera pamodzi ngati gulu la asilikali. Apa mpamene kafukufuku wa zaka zaposachedwa wasintha kaonedwe kathu, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Mu 2015 Andrea Sottoriva, Christina Curtis, Darryl Shibata ndi anzawo anatenga zotupa 15 za m'matumbo, n'kutapa timagulu ta maselo 349 kuchokera kumbali zosiyana za zotupazo, n'kuwerenga DNA ya kagulu kalikonse payokha. Anapeza kuti zolakwika zina zili paliponse m'chotupa, monga thunthu la mlambe limene nthambi zonse zimachokerapo, pamene zina zili kumbali imodzi yokha, ndipo zinanso zili m'kagulu kamodzi kokha. Chodabwitsa chinali chakuti kusiyana kwakukulu kunabadwa koyambirira kwenikweni, chotupa chili kakang'ono kosaoneka ndi maso. Fuko limene linabadwa msanga ndilo linatenga malo aakulu, ngakhale silinali lamphamvu kuposa anzake, ndipo fuko lobadwa mochedwa, ngakhale litakhala loopsa chotani, linatsala lochepa, lobisika pakati pa ena. Aliyense amene anaonapo namasupuni akudzaza dziwe la m'mbali mwa Shire madzi akaphwera akudziwa zimenezi: tsinde limene lafika poyamba limatambalala pamadzi ponse, ndipo lobwera mochedwa limangopeza kampata. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ofufuzawo anatcha kakulidwe kameneka Big Bang, pobwereka dzina limene akatswiri a zakuthambo amatchulira chiyambi cha chilengedwe.

Tanthauzo lake kwa wodwala ndi lalikulu. Chotupa chotalika sentimita imodzi yokha chimakhala ndi maselo mamiliyoni mazanamazana, mwina mpaka biliyoni imodzi, ndipo zotupa zambiri zimene zimapezeka kuno zimakhala zaposa pamenepo kutali. Dokotala akatapako kanyama kuti akapime ku labotale, amachita ngati wogula thonje pamsika wa ku Ngabu amene amapisa dzanja pakamwa pa thumba, n'kuona thonje la m'dzanjamo, n'kupereka giredi ya thumba lonse. Nthawi zambiri dzanjalo limanena zoona za thumbalo, ndipo n'chifukwa chake kupimako kuli kofunika. Koma kathonje kothimbirira kamene kali pansi penipeni dzanja silikafika. Fuko la maselo limene lili limodzi mwa miliyoni silioneka pa galasi la ku labotale, silioneka pa sikani, komabe lilipo, ndipo likungodikira kuti anzake achoke.

Tsopano ku funso lanu loyamba, lakuti kaya madokotala anasiyako kachidutswa. Pafupifupi magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kwina kulikonse, chifukwa chiwindi ndicho chimalandira ndi kusefa chakudya chimene matumbo ayamwa. Selo la khansa likaboola kamtsempha n'kulowa m'magazi, doko loyamba limene limafikapo ndi chiwindi, ndipo n'chifukwa chake khansa ya m'matumbo ikafalikira imakonda kuonekera kumeneko, kenako m'mapapo. Mu 2019 gulu la Christina Curtis ku Stanford linayerekeza DNA ya zotupa za m'matumbo ndi ya ana ake a m'chiwindi ndi mu ubongo, monga ndimachitira ine ndi makope aja, kuti lidziwe nthawi imene anawo anachoka pakhomo. Mwa odwala 21, odwala 17 anapezeka kuti maselo anasamuka chotupa choyamba chikadali chochepa kuposa njere ya mapira, zaka zingapo matenda asanadziwike. Ofufuzawa anasankha dala anthu amene khansa yawo inali itafalikira kale, choncho sizitanthauza kuti chotupa chilichonse chimasamuka msanga chotere. Koma zikutiuza kuti dokotala akhoza kuchotsa chotupa chonse mwaluso, m'mphepete monse muli moyera, pamene timaselo tochepa tinawoloka kalekale ndipo tili phee m'chiwindi. Mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi aja anaperekedwa pofuna kusaka timaselo totere, tosaoneka. Mwa anthu ambiri amatimaliza tonse. Mwa ena timatsalako, ndipo kubwerera kwa matenda kumachitika kwambiri m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, monga zachitikira kwanu. Kubwerera kwa khansa m'chiwindi, pakokha, si umboni woti opaleshoni inalakwika.

Funso lachiwiri, la mankhwala amene anagwira ntchito kenako n'kuleka, ife a m'chigwa chino tili ndi chitsanzo chake chimene tinachiona ndi maso. Amene tinakula zaka za m'ma 1980 tikukumbukira chloroquine, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake, ndi momwe anayambira kulephera kuchiza malungo. Mapiritsi sanasinthe. Chimene chinasintha ndi tizilombo: pakati pa tambirimbiri panali tochepa tokhala ndi jini losintha, mankhwala anapha tinzake tonse, ndipo totsalato tinaswana mpaka kudzaza dziko. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 tinasinthanso n'kupita ku LA. M'thupi la munthu mmodzi wodwala khansa zimachitika zofananazo, koma m'miyezi yowerengeka. Mankhwala amapha mafuko amene sangathe kupirira, chotupa chimafota, wodwala amayamba kudya ndi kuyenda, ndipo malo amene atsala opanda kanthu amatengedwa ndi fuko lija linali lobisika.

Umboni womveka bwino wa zimenezi unachokera ku mankhwala awiri, cetuximab ndi panitumumab, amene amatseka khomo lina la pakhungu la selo lotchedwa EGFR, limene uthenga woti selo likule umalowerapo. Pofika 2008 zinadziwika kuti mankhwalawa sathandiza ngati jini la KRAS ndi lowonongeka, chifukwa KRAS ali m'kati mwa nyumba, ndipo akapenga amapitiriza kulamula ngakhale khomo litatsekedwa. Choncho amapatsidwa kwa okhawo amene chotupa chawo chapimidwa n'kupezeka ndi KRAS wabwino. Komabe ngakhale mwa amenewa, mankhwala amaleka kugwira ntchito pakapita miyezi. Mu 2012 magulu awiri, la Luis Diaz ku Baltimore ndi la Alberto Bardelli ku Italy, anapima tizidutswa ta DNA ya chotupa timene timayandama m'magazi a odwala. Gulu la Diaz linapeza kuti mwa odwala 24, odwala 9 anayamba kuonetsa KRAS wowonongeka m'magazi, kawirikawiri pakati pa mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo masamu awo anaonetsa kuti maselo amenewo analipo kale mankhwala asanayambe. Mankhwala sanawalenge. Anangowalambulira munda.

Nkhani ya malungo ili ndi mbali yachiwiri imene ambiri sadziwa. Titasiya chloroquine, tizilombo topirira tija tinayamba kuchepa tokha, chifukwa kupirira kuli ndi mtengo wake, ndipo popanda mankhwala tinkagonja kwa tinzake. Ku Blantyre jini lopiriralo linkapezeka mwa odwala malungo 85 mwa 100 amene anapimidwa mu 1992, koma pofika 2000 linatsika kufika pa 13, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 anapeza kuti pafupifupi ana onse amene anapatsidwa chloroquine anachira. Sindikunena kuti munthu akagule chloroquine, ayi, mankhwala a malungo ndi amene akuperekedwa kuchipatala. Ndikutchula izi chifukwa mu 2015 gulu la Bardelli linaona zomwezo m'magazi a odwala khansa ya m'matumbo: akasiya mankhwala otseka EGFR, fuko la KRAS wowonongeka limayamba kuchepa, ndipo mwa odwala ena mankhwala omwewo akabwezeredwa pambuyo pake amagwiranso ntchito kwa kanthawi. Kwa ine ichi ndi chimodzi mwa zinthu zopatsa chiyembekezo kwambiri pa nkhani yonseyi, chifukwa chikusonyeza kuti chotupa chimatsata malamulo amene munthu angathe kuwaphunzira ndi kuwagwiritsa ntchito.

Mankhwala a m'diripi amene odwala ambiri amalandira, monga fluorouracil, oxaliplatin ndi irinotecan, amagwira ntchito mwanjira ina: amavulaza maselo amene akugawikana. Kuwapirira sikudalira jini limodzi lokha. Maselo ena amaphunzira kukonza DNA yawo msanga, ena amapopera mankhwalawo kunja, ndipo ena amangogona osagawikana mpaka mkuntho utadutsa, popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi. Koma mfundo ndi yomweyo. Maselo amene ali m'chiwindi cha bambo lero ndi zidzukulu za amene anapulumuka mankhwala oyamba, kenako n'kupulumukanso achiwiri. Asefedwa kawiri. N'chifukwa chake dokotala akanena kuti asintha mtundu wa mankhwala, sakuvomereza kuti oyamba anali achinyengo, koma akufuna chida chimene fuko lotsalali silinakumanepo nacho.

Za mkulu wa kumpingo uja, yankho loyamba ndi msinkhu wa matenda pa tsiku limene anapezeka. Ku America, kumene amasunga ziwerengero za zaka zambiri, mwa anthu 100 amene khansa yawo yapezeka isanatuluke m'khoma la thumbo, pafupifupi 90 amakhala ali moyo pakatha zaka zisanu, pamene ikapezeka itafika kale kuziwalo zakutali chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Yankho lachiwiri ndi lakuti dzina limodzi la "khansa ya m'matumbo" likuphimba matenda angapo. Mu 2012 ntchito yaikulu yotchedwa The Cancer Genome Atlas inafalitsa zotsatira za zotupa 276, ndipo inapeza kuti pafupifupi 16 mwa 100 zinali ndi zolakwika zochuluka modabwitsa kuposa zinzake. Zambiri mwa zimenezi n'zimene zataya majini ochonga, monga MLH1 ndi MSH2, amene ntchito yawo ndi kubwerera m'mbuyo DNA ikakoperedwa n'kukonza zilembo zolakwika. Kalasi yopanda mphunzitsi wochonga imadzaza ndi zolakwika. Munthu angaganize kuti chotupa chotere ndiye choopsa kwambiri, koma sizili choncho kwenikweni. Selo lokhala ndi zolakwika zambirimbiri limaoneka lachilendo kwa asilikali a m'thupi, ndipo amalizinga. Zotupa za mtundu umenewu zikapezeka msanga sizibwerera kawirikawiri, ndipo zimagonja kwambiri ku mankhwala atsopano odzutsa chitetezo cha m'thupi. Mu 2022 madokotala a ku Memorial Sloan Kettering ku New York anapereka mankhwala otere, otchedwa dostarlimab, kwa odwala khansa ya kumapeto kwa thumbo a mtundu umenewu, ndipo mwa odwala 12 oyamba kumaliza chithandizo, chotupa chinazimiririka mwa onse. Mankhwala omwewo sathandiza kwenikweni zotupa zambiri zimene majini ake ochonga ali bwino. Palinso zotupa pafupifupi 10 mwa 100 zokhala ndi jini la BRAF lowonongeka, zimene zikafalikira zimathamanga kwambiri. Anthu awiri akhoza kugona pa mabedi oyandikana m'wodi imodzi, ndi dzina limodzi la matenda pa makadi awo, koma m'mimba mwawo muli zinthu zosiyana ngati mapira ndi mchewere.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa pa zonsezi. Pafupifupi chidziwitso chonse chimene ndafotokozachi chinachokera ku zotupa za anthu a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Anthu a mu Africa ndi ochepa kwambiri m'kafukufuku wa majini a khansa, ndipo mankhwala olunjika pa jini ndi okwera mtengo moti banja la mlimi wa thonje silingawafikire palokha. Kuno khansa zimene zimatenga anthu ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya pakhungu ya Kaposi, ndipo n'zomveka kuti ndalama zochepa zimene zilipo zimapita kumeneko. Koma pa dziko lonse khansa ya m'matumbo ndi yachitatu pa kuchuluka ndi yachiwiri pa kupha anthu, ndipo mu 2022 inagwira anthu pafupifupi 1.9 miliyoni. Ine ndimakhulupirira kuti achinyamata athu amene akuphunzira zaudokotala ndi za labotale ayenera kupatsidwa zipangizo zowerengera zotupa za anthu athu, chifukwa zakudya zathu, tizilombo ta m'matumbo mwathu ndi matenda amene tinadwala tili ana si zofanana ndi za anthu a ku Baltimore.

Ndafika pa funso la inu ana. Zolakwika zimene ndakhala ndikufotokozazi zinachitikira m'maselo a thumbo la bambo okha, iwo atabadwa kale. Sizili m'mbewu yawo, ndipo inu simunazilandire. Khansa imeneyi sipatsirananso mwa kudyera mbale imodzi, kuchapa zovala za wodwala kapena kumusambitsa. Komabe pali mabanja ochepa amene jini lowonongeka limayenda m'magazi. Matenda otchedwa Lynch syndrome, potengera dzina la dokotala Henry Lynch amene anawafotokoza mu 1966, amachititsa pafupifupi khansa 3 mwa 100 za m'matumbo. Munthu amabadwa ndi jini limodzi lochonga lowonongeka kale, ndipo mwana aliyense wa munthu wotero ali ndi theka la mwayi wolitenga. M'mabanja otere khansa imabwera msanga, nthawi zambiri munthu asanafike zaka 50, imagwira anthu angapo m'mibadwo yotsatizana, ndipo mwa amayi imaonekeranso ngati khansa ya m'kati mwa chiberekero, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero ija. Palinso matenda ena osowa kwambiri amene munthu amabadwa ndi APC wowonongeka, n'kumera tinyama mazanamazana m'thumbo akadali wachinyamata. Ngakhale popanda awiriwa, mwana kapena m'bale wa bere limodzi wa munthu amene anadwala khansa ya m'matumbo ali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu ena. Malangizo a madokotala m'mayiko ambiri amati munthu wotero aunikidwe m'matumbo ndi kapaipi ka kamera, kuunika kumene amati colonoscopy, akafika zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene m'bale wakeyo anapezeka nawo ndi matendawa, potengera chimene chayamba kufika. Kanyama kaja kakapezeka pa nthawi younikayi amakadula pomwepo, kasanabereke mafuko.

Kuno kwathu vuto lina ndi lakuti magazi m'chimbudzi tili ndi mayina ambiri owatchulira. Timati ndi kamwazi, timati ndi likodzo la m'matumbo, timati ndi mudzi, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi zimenezo, makamaka kwa asodzi ndi olima m'madimba amene amakhalira m'madzi. Koma munthu amene wamwa mankhwala a matenda amenewa n'kuona kuti magazi akupitirira, kapena amene kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, mwina kutsegula, mwina kudzimbidwa, amene akuonda popanda chifukwa, kapena amene akuuzidwa mobwerezabwereza kuti magazi ndi ochepa m'thupi, ayenera kubwerera kuchipatala n'kunena mosabisa kuti bambo ake anadwala khansa ya m'matumbo. Ndikudziwa kuti kupimidwa kumalo obisika n'kochititsa manyazi, makamaka kwa abambo akuluakulu, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Achimwene anu ndi achemwali anu muwauze zimenezi ndi mawu anu, chifukwa adzamva inu kuposa ine.

Pa za bambo, tsiku lokaonana ndi dokotala likafika mupite nawo inuyo, mutatenga kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapepala onse a ku labotale a opaleshoni yoyamba ija. Mufunse kuti zotupa za m'chiwindi zilipo zingati ndipo zili mbali iti, chifukwa zikakhala zochepa ndi zosonkhana mbali imodzi, nthawi zina zimatheka kudulidwa, ndipo pali anthu amene amakhala zaka zambiri pambuyo pake. Mufunse ngati kanyama kamene kanachotsedwa kanasungidwa, ndiponso ngati kangapimidwe za KRAS ndi za majini ochonga aja, pakuti yankho la kupima kwachiwiriku likukhudza chithandizo cha bambo komanso tsogolo la inu ana. Mufunse cholinga cha mankhwala amene akufuna kuyamba, kaya ndi kuchiza kapena kuchedwetsa matenda ndi kuchepetsa ululu, ndipo musaope yankho lake, chifukwa banja limakonzekera bwino likadziwa zoona. Ngati bambo akumva kupweteka, mupemphe kuti akaonedwe ndi a chisamaliro chochepetsa ululu, amene amapereka morphine wamadzi, ndipo izi zikhoza kuyendera limodzi ndi mankhwala a khansa, sizitanthauza kuti madokotala ataya mtima. Ndipo musanapite, mukakhale pansi ndi azakhali anu kapena wamkulu wina wa kuchimuna amene amakumbukira bwino maliro a m'banjamo. Muwafunse amene anamwalira ndi matenda a m'mimba kapena a chiberekero, ndi zaka zimene anali nazo, mulembe pa pepala, ndipo pepalalo mukalipereke m'manja mwa dokotala.